Bokosi la amalume ndi khosi la mng'ono wanga

Amalume anga akawerenga izi akwiya, ndikudziwa. Ndinawauza kale kuti ndilemba, iwo anangoti, "Lemba, paja iwe ndiwe wa digiri." Ndiye ndikulemba.

Amalume amapita ku China kukaoda katundu: machaja, makava a foni, timababu ta sola. Ulendo wina atangofika ku Guangzhou chimfine chinawagwira. Anayamba kumva kuzizira, mutu kuwawa, kumbuyo kwa khosi mpaka m'mapewa kunali gwa ngati munthu amene wachoka kosenza matumba a chimanga. Mnzawo anapita nawo ku famase. Wogulitsa anawafunsa mafunso angapo kudzera pa foni yomasulira, kenako n'kuwapatsa bokosi la timapaketi ta ufa wosungunula m'madzi otentha. Anamwa, anafunda bulangete, thukuta linatuluka, kutacha anadzuka n'kupita kumsika. Pobwerera kumudzi anagula mabokosi atatu. Kuyambira pamenepo, munthu akangoyetsemula m'banja mwathu yankho limakhala limodzi.

Mwezi wa June chaka chatha mng'ono wanga, yemwe anali Folomu 3, anaweruka kusukulu mutu ukumuwawa. Tsiku lotsatira thupi linatentha, anayamba kusanza, ndipo ankadandaula khosi. Amayi analemba pa gulu la WhatsApp la banja. Pasanathe mphindi zisanu amalume anatumiza voice note. "Achemwali, musavutike ndi mzere wa kuchipatala. Khosi lauma, eti? Ndi zomwe zija zinandigwira ku China. Ndikutuma mnyamata ndi mapaketi awiri, amwe, afunde, mawa adzuka." Azakhali anaika chala chachikulu. Asuweni anaika manja opemphera.

Ine ndinafika madzulo nditaweruka. Ndinamupeza atagona, wayang'ana kukhoma, akupempha kuti tizimitse babu chifukwa kuwala kukumubaya m'maso. Paketi imodzi anali atamwa kale. Nditamudzutsa mutu kuti amwe madzi analira ngati mwana wa zaka zitatu. Chibwano chinkakana kutsikira pachifuwa. Ndinati tiyeni kuchipatala, amayi anati tidikire kuche, mankhwala sanayambe kugwira ntchito. Sindikuwada amayi. Achimwene awo, eni mbumba, anali atayankhula kale. Koma ndinaitana galimoto ndi ndalama za lendi, ndipo usiku womwewo anamuchotsa madzi a pamsana. Anapezeka ndi matenda oumitsa khosi, aja obwera ndi mabakiteriya. Anakhala masiku ambiri pa jakisoni. Ali moyo, wabwerera kusukulu, koma khutu lake lakumanzere silimva bwino mpaka lero.

Ndili pa benchi ya kuchipatala ndinajambula bokosi lija n'kumasulira zilembo zake. Dzina lake ndi Ge Gen Tang. Ndinayamba kuwerenga ndili ndi mtima umodzi: ndipeze umboni woti amalume anagula zachinyengo kuti ndikawaponyere kumaso. Zomwe ndinapeza zinandikwiyitsa kuposa pamenepo. Mankhwalawo ndi enieni, ali ndi mbiri yaitali, ndipo munthu amene anawalemba anaika malire omveka bwino a yemwe ayenera kumwa ndi yemwe sayenera. Malirewo ndi amene anatsala pa eyapoti.

Munthuyo dzina lake ndi Zhang Zhongjing, sing'anga wa ku Nanyang amene anakhala moyo kumapeto kwa ufumu wa Han, zaka pafupifupi 1,800 zapitazo. M'mawu oyamba a buku lake lotchedwa Shanghan Lun amafotokoza kuti mtundu wake unali ndi anthu oposa 200, koma pasanathe zaka 10 kuchokera mu 196, magawo awiri mwa atatu anali atamwalira, ambiri ndi matenda otentha thupi. Bukulo analilemba munthu wotopa ndi maliro. Muli mankhwala osakaniza 113, ndipo lililonse limabwera ndi chikhalidwe cha wodwala amene likumuyenera. Boma la ufumu wa Song linalikonza n'kulisindikiza mu 1065, ndipo ophunzira zachipatala cha makolo ku China amaliloweza mpaka pano.

Ge Gen Tang ali ndi zinthu zisanu ndi ziwiri. Chachikulu ndi ge gen, muzu wa chomera choyanga cha m'gulu la nyemba chomwe mayiko ena amachitcha kudzu. Pali ma huang, pali timitengo ta sinamoni, muzu wa duwa lotchedwa peony, jinja wamuwisi, muzu wotsekemera wa gan cao, ndi zipatso 12 za da zao, zomwe ndi pachibale ndi masau athu aja. Muyezo wa chilichonse unalembedwa: ge gen magawo anayi, ma huang atatu, jinja atatu, zinazo awiriawiri. Kaphikidwe kanalembedwanso. Uyambe kuwiritsa ge gen ndi ma huang, uchotse thovu, kenako uike zotsalazo. Wodwala amwe zofunda, afunde mpaka kathukuta kochepa katuluke. Kochepa. Thukuta loyenderera ngati madzi linkaonedwa kuti ndi kulakwitsa, ndipo wodwala akapeza bwino ndi kapu yoyamba, zotsala asamwe.

Tsopano tamverani yemwe mankhwalawa analembera. Ndi munthu amene matenda angomuyamba kumene, akumva kuzizira ndipo sakufuna mphepo, minofu ya kumbuyo kwa khosi ndi msana yakungika, ndipo sakutuluka thukuta. Ngati zonsezi zilipo koma thukuta likutuluka, Zhang anapereka mankhwala ena, a dzina lina. Thukuta lokha linkasintha chigamulo. M'buku lomwelo anachenjeza kuti anthu ena asapatsidwe konse mankhwala otulutsa thukuta: wouma kukhosi, wotaya magazi, wodwaladwala kamfuno, wa zilonda zokhalitsa, wovutika pokodza. Wogulitsa wa ku Guangzhou uja pofunsa amalume mafunso, ankatsata mwambo umenewu. Amalume anabweretsa bokosi, mafunso anawasiya komweko.

Apa ndi pomwe pali mkwiyo wanga, ndipo sukupita kwa amalume okha. Tili ndi chizolowezi choti chimene chinandithandiza ine chikuthandiza iwenso. Timagawana Panado, timagawana ma antibiotic otsala a mwana wa aneba, timagawana mizu yomwe sitikudziwa inakumbidwa kuti. Timachita izi ndi chikondi chenicheni, n'chifukwa chake n'zovuta kukana. Ukakana mankhwala a amalume zimaoneka ngati wakana amalumewo. Koma liwu limodzi lofanana silipanga matenda awiri kukhala amodzi. Amalume anamva "khosi", n'kukumbukira khosi lawo. Khosi la chimfine ndi minofu yotopa ndi yokungika. Khosi la mng'ono wanga linauma chifukwa timinofu topyapyala tokuta ubongo ndi mtsempha wa pamsana tinatupa ndi tizilombo. Chichewa chathu chinatichenjeza kalekale pomwe chinatcha matendawa kuti oumitsa khosi. Dzina lili pakamwa pathu tonse, koma usiku umenewo pa gulu la anthu 23 panalibe amene analitchula.

Wina anena kuti nanga Zhang Zhongjing yo sanachize anthu ouma khosi kwambiri? Tinene zoona, m'buku lake lina anaperekanso Ge Gen Tang kwa odwala omwe thupi lakungika ndipo nsagwada zagwirana. Koma munthuyu analibe makina oonera tizilombo. Ankasiyanitsa matenda ndi maso, manja ndi mafunso basi, ndipo panalibe kwina kotumiza wodwala. Kachilombo kamodzi kodziwika koyambitsa matenda oumitsa khosi kanadzapezeka mu 1887, ku Vienna, ndi Anton Weichselbaum. Ife tikukhala mbali ino ya 1887. Bungwe la WHO limanena kuti mwa anthu 6 odwala matendawa a mabakiteriya, mmodzi amamwalira, ndipo mmodzi mwa 5 amatsala ndi chilema, monga kusamva. Limanenanso kuti akhoza kupha mkati mwa maola 24. Paketi ya amalume sinabweretse matendawo ayi. Inangotidyera maola, ndipo ndimadzifunsa tsiku lililonse ngati khutu lija silinapite m'maola amenewo.

Ndiye pali mawu aja omwe amanditopetsa kwambiri: "Ndi zachilengedwe, sizingapweteke." Abale, nkhadze ndi yachilengedwe. Mwabvi ndi wachilengedwe. Tiyeni titenge ma huang yekha. Mu 1885 katswiri wa ku Japan, Nagai Nagayoshi, anapatula m'chomerachi mankhwala otchedwa ephedrine. Kwa zaka zambiri ankathandiza odwala mphumu chifukwa amatsegula njira za mpweya. Amafulumizitsanso mtima ndi kukweza BP, moti mpaka lero madokotala amabaya ephedrine m'fiyeta BP ya wodwala ikatsika kwambiri. Taganizani pamenepo. Chinthu chomwe dokotala amagwiritsa ntchito pokweza BP, ife tikusungunulira agogo omwe amamwa mapiritsi otsitsa BP m'mawa uliwonse, n'kumati ndi tiyi chabe. Ku America makampani anaika ma huang m'mapiritsi ochepetsa thupi ndi opatsa mphamvu. Mu February 2003 wosewera baseball wa zaka 23, Steve Bechler, anakomoka pa masewera okonzekera ku Florida n'kumwalira, ndipo woyeza mtembo anati mapiritsi otere anathandizira imfa yake. Mu 2004 boma la America linaletsa mapiritsi amenewa. Osewera mpira ndi othamanga amachenjezedwanso, chifukwa ephedrine akapitirira muyezo mu mkodzo pa nthawi ya mpikisano, ndi mlandu.

Ngakhale gan cao, muzu wotsekemera uja, uli ndi mano ake. Ukamwedwa nthawi yaitali umachepetsa potaziyamu m'magazi, umatupitsa miyendo, umakweza BP. Zonsezi sizikutanthauza kuti Ge Gen Tang ndi poizoni. Zikutanthauza kuti ndi mankhwala, ndipo chilichonse chomwe chili ndi mphamvu yosintha thupi chili ndi mphamvu yolipweteka. Amene akukuuzani kuti mankhwala ake alibe vuto lililonse kwa wina aliyense, mwina akunama, mwina akukugulitsani madzi.

Dziko lomwe limakonda kwambiri mankhwalawa kunja kwa China ndi Japan, komwe amawatchula kuti kakkonto. Kumeneko mankhwala azitsamba ochokera m'mabuku akale a ku China amalembedwa ndi madokotala enieni a sukulu, ndipo inshulansi ya boma imalipira mitundu 148. Pa mndandanda wa kampani ya Tsumura, kakkonto ndiye nambala 1. Koma tengani bokosi la ku Japan muwerenge kumbuyo: a BP, a mtima, a impso, oyembekezera, okalamba, ofooka, otuluka thukuta kwambiri, onsewa akuuzidwa kuti ayambe afunsa dokotala kapena wa famase. Ndipo anthu a ku Japan ali ndi nthabwala yakale ya dokotala wa kakkonto. Wodwala mutu akabwera, amamupatsa kakkonto. Wodwala m'mimba, kakkonto. Kenako amaona munthu wina atakhala pakona, amufunsa chikumuvuta n'chiyani, munthuyo akuti ine ndangoperekeza m'bale wanga. Dokotala akuti, watopa ndi kudikira, imwa kakkonto. Eni ake amaseka munthu wopereka mankhwala amodzi pa chilichonse. Ife timamupatsa udindo wa admin pa gulu la banja.

Ndipo kodi amagwiradi ntchito pa chimfine? Mu 2014 madokotala a ku Japan anasindikiza kafukufuku yemwe anagawa mwachisawawa anthu ongoyamba chimfine m'magulu awiri, ena kakkonto, ena mankhwala wamba a chimfine a mu famase. Kakkonto sanapose mankhwala wambawo poletsa chimfine kukula. Onjezani mfundo yomwe tonse timaidziwa koma timaiiwala: chimfine chimatha chokha, kawirikawiri pa sabata imodzi kapena masiku 10. Amalume anamwa, anagona, anachira. N'kutheka kuti paketi inawamasula minofu ndi mphuno, sindikukana. N'kuthekanso kuti bulangete ndi tulo zinachita gawo lalikulu. Munthu mmodzi wochira sangatiuze kuti chinamuchiza ndi chiti, ndipo amene sanachire satumiza voice note.

Tinaziona kale izi kuno kwathu, ine ndisanabadwe. Mu 1995 anthu miyandamiyanda anakhamukira ku Machinga kukamwa mchape wa Billy Chisupe, pokhulupirira kuti uchiza Edzi. Makolo athu sanali opusa. Anali ndi mantha, kuchipatala kunalibe ma ARV, ndipo aliyense anali ndi mnzake wa mnzake yemwe anamva kuti wachira. Kandimverere anakanena za m'maluwa. Kusiyana kwake lero n'koti kandimverere ali ndi bandulo ya data.

Tsopano ndikutembenukire iwe mnzanga wa ku koleji, amene ukuwerenga uku ukugwedeza mutu n'kumati, "Ndimanena ine, za zitsamba zonse ndi umbuli." Khala pansi. Ukadwala malungo umamwa LA, si choncho? Dziko lathu linayamba kugwiritsa ntchito LA ngati mankhwala oyamba a malungo mu 2007. Mbali imodzi ya LA, artemether, imachokera ku artemisinin, ndipo artemisinin anapezeka chifukwa mayi wina wa ku China, Tu Youyou, anawerenga buku la sing'anga Ge Hong la zaka za m'ma 300. Anaona kuti Ge Hong ankanyika chitsambacho m'madzi n'kufinya, osawiritsa, ndipo anazindikira kuti moto ndi umene unkawononga mphamvu yake. Mu 2015 analandira mphotho ya Nobel. Iwe ndi ine mwina tili moyo chifukwa cha buku lakale la zitsamba. Koma taona zomwe mayiyu anachita atawerenga. Anayesa pa mbewa, anayesa pa anyani, anamwa yekha asanapatse odwala, ndipo ena anapitiriza kuyeza muyezo woyenera kwa mwana ndi kwa wamkulu. Analemekeza bukulo polifunsa mafunso. Kunyoza kwako ndi chikhulupiriro cha amalume ndi ana a mimba imodzi, chifukwa nonse awiri simunafunse kanthu. Ndiponso kunyoza kwakoko ndi kumene kumachititsa amayi athu kubisa zomwe apatsa mwana akafika pamaso pa dokotala. Usiku uja amayi anakana kuti mng'ono wanga wamwa chilichonse, mpaka ndinatulutsa bokosi m'chikwama.

Nditakumana ndi amalume patapita milungu, anadziteteza ndi mfundo yomwe sindingaipeputse. Anati, "Mphwanga, iwe ukuyankhula ngati kuchipatala amatilandira ndi tiyi. Kangati tapita n'kukhala pa mzere tsiku lonse, kenako n'kuuzidwa kuti mankhwala kulibe, kagule?" Ndi zoona. Ndakhalapo pa mzere umenewo. Munthu sathawa chipatala chifukwa cha umbuli wokha, amathawanso thiransipoti, tsiku lotayika, ndi mawu okalipa a anthu otopa. Ambiri amaopanso kuchotsedwa madzi a pamsana chifukwa anamva kuti wakutiwakuti atamuchotsa anamwalira, osadziwa kuti kawirikawiri munthuyo anafika mochedwa, matenda atamudya kale. Pa chimfine wamba sindingakakamize munthu kukagona pa benchi. Khalani kunyumba, imwani madzi ofunda a jinja ndi mandimu, gonani. Koma kuvuta kwa chipatala sikusintha zomwe mabakiteriya akuchita m'mutu mwa mwana. Mzere wautali ndi chifukwa chonyamukira msanga.

Ndiye pempho langa ndi laling'ono, ndipo ndikulipereka kwa inu amene muli ndi foni m'manja, chifukwa pa magulu a banja ndinu amene mumawerenga msanga. Munthu akatentha thupi, mutu ukumuwawa kwambiri, khosi lauma moti chibwano sichikufika pachifuwa, akusanza, kuwala kukumupweteka m'maso, akuyankhula zosamveka, akungogona kapena akukomoka, musadikire kuti zonsezi zikwane. Ziwiri kapena zitatu zakwana, nyamukani. Khanda silinena kuti khosi likuwawa: limakana bere, limalira modabwitsa, liwombo limatupa. Munthu amene ali ndi HIV, makamaka ngati anasiya mankhwala, mutu ukamuwawa masiku angapo osasiya, apite akayezedwe, chifukwa pali mtundu wina wa matendawa womwe umabwera pang'onopang'ono. Kuno kwathu kutentha thupi kukhozanso kukhala malungo, omwe ali ndi choyezera chake. Palibe paketi, ya ku China, ya ku Joni kapena ya kwa sing'anga wa kuseri kwa msika, yomwe ingayankhe mafunso amenewa. Ndipo mukafika, nenani zonse zomwe wodwala wamwa. Tengani bokosi lenilenilo.

Ndipo wina akakupatsani mankhwala, a zitsamba kaya a mu botolo, mufunseni funso limodzi: ndani sayenera kumwa? Akayankha kuti aliyense akhoza kumwa, bwezani. Zhang Zhongjing akanayankha funso limenelo, ndipo analiyankha polemba. Wa famase wa ku Guangzhou akanayankha. Safunsa anadya phula, koma masiku ano safunsa amadyetsa phulalo mwana wa mlongo wake.

Kutsutsa amalume pagulu si chinthu chomwe tinaleredwa nacho. Ine ndinakhala mphindi zambiri usiku uja foni ili m'manja, ndikusinkhasinkha mmene ndingalembere mwaulemu kuti akulakwitsa, ndipo pamapeto pake sindinalembe kanthu, ndinangoitana galimoto. Ndikanalemba masana pomwe voice note inafika. Ndinaimva ndili ku ofesi, mawu oti khosi ndinawamva, ndipo ndinadziuza kuti ndikaona ndikaweruka. Mlandu wanga ndi umenewo, ndipo digiri sinandithandize.

Bokosi lachitatu lidakali pamwamba pa kabati kwa amalume. Sindinawauze kuti alitaye. Tsiku lina m'nyengo yozizira, chimfine chikadzandigwira, mapewa atakungika, thukuta kulibe, BP yanga ili bwino, mwina ndidzawapempha paketi imodzi. Chomwe tinagwirizana n'chakuti pa gulu lija sadzalemberanso mankhwala munthu amene sanamuone. Sabata yatha anabwera kudzacheza kwa amayi, anamubweretsera mng'ono wanga mahedifoni atsopano a ku Guangzhou. Mnyamata anathokoza, anavala mbali imodzi yokha. Amalume anamuyang'ana kanthawi, kenako anatuluka panja kuti akukayankha foni.